Chimbalangondo Chodziwa Kulira kwa Thirakitala

Kumunda kwa a Thayer, Vermont
5 Seputembala

Okondedwa amayi ake Verona,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana wathu. Ine ndinafika bwino. Ndege inatipeta ngati mpunga m'lichero, moti Egbert wa ku Crooked River uja, amene amagona bedi la pamwamba pa langa, anasanzira m'chipewa chake chatsopano. Mpaka lero akunamizira nkhuku yomwe anadya pabwalo la ndege kwathu ku Kingston. Phewa lija likungonong'ona pang'ono, si nkhani yoti muzisowa nayo tulo.

Bokosi langa lachitsulo ndinalipeza pomwe ndinalisiya, m'chipinda cha pamwamba pa shedi. Chikhoti, nsapato za m'chisanu, ketulo, zonse zilimo, mbewa sizinalowe. Koma pamene pankakhala mabokosi a anzanga Dudley ndi Aston pali fumbi lokha, ndipo mtima unandipweteka ngakhale ndinkadziwa kale. Kuno palibe amene amakulonjeza ndi pepala kuti chaka chamawa ubwerenso. Tsiku lomaliza bwana amatsegula chipinda chija, aliyense nkukweza bokosi lake, ndipo amene wauzidwa kuti "lako upite nalo" ndiye kuti zake zathera pomwepo. Langa lagonamo zaka zoposa makumi awiri. Likufunika ligonemonso zaka zitatu zokha, Verona amalize maphunziro a unamwino, kenako ndidzalitsitsa ndekha ndikuimba nyimbo.

Bwana wamkulu, a Orrin, chifere ziwalo chaka chatha amangokhala pakhonde atafunda bulangeti. Munda akuyendetsa ndi mwana wawo, mayi Gail, amene anali kamtsikana kopanda mano akutsogolo pamene ndinkabwera koyamba. Si munthu woipa, koma diso lawo ndi lakuthwa, ndipo ndi iwo anauza Dudley ndi Aston kuti atenge mabokosi awo.

Mvula yavuta kuno miyezi yotentha yonse. Timtedza ta m'mitengo ya m'phiri sitinabereke, ndiye zimbalangondo zatsika msanga kudzafuna maapozi. Mizere ya kumtunda, kufupi ndi mpanda wa miyala, nthambi zangothyokathyoka. Mayi Gail akudandaula nazo tsiku ndi tsiku.

Zilazi za kumunsi kwa mtsinje muzikwezere nthaka mvula isanakule. Mbuzi yamawanga ija musaibwereketsenso kwa aneba athu a Cleveland, amaibweza nthiti zili pamtunda.

Ndine mwamuna wanu,
Hopeton


17 Seputembala

Okondedwa amayi ake Verona,

Kalata yanu yandipeza, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa chija chakusiyani. Ine ndikudya, ndikugona, ndikudzuka.

Ndiyambe ndi yosakoma kuti ndithane nayo. Anditsitsa pa makwerero. Lachiwiri mayi Gail anabwera pomwe ndimakhuthulira maapozi anga, natola limodzi, natola lina.

"A Hopeton, taonani, mabala okhaokha. Inu simunavulazepo chipatso chiyambire. Chavuta n'chiyani?"

"Ndi magolovesi atsopanowa, mayi."

"Takwezani dzanja lamanjalo, mugwire nthambi iyo."

Ndinakweza, linafika pakhutu nkukana. Mawa lake anandipatsa makiyi a thirakitala. Tsopano ntchito yanga ndi kutola maapozi ogwa okha. Abwinoko amapita kofinya madzi, owola ndimawapititsa pangolo kwa a Leduc, mlimi wa nkhumba wa kutsidya kwa msewu. Lamulo la a Orrin ndi lakalekale: chowola chisagone m'munda ngakhale chimodzi. Malipiro ake ndi otsikirapo, ndiye malata a kukhitchini adikire kaye.

Ntchito ya pansiyi yandipezetsa mnzanga. Lachisanu masana ndili kumizere ya kumtunda ndinamva nthambi ikuti phwa! Kuyang'ana, chimbalangondo chachikazi chakhala pansi ngati munthu, miyendo tambalale, chakoka nthambi nkumathyola zipatso ndi milomo. Zaka zonsezi ndimangoziona matako zikuthawa, kuchiona chikudya n'koyamba. Icy mkazi wanga, sichitafuna ayi. Kuluma kamodzi, kumeza, kugwira lina. Madzi ali chuchuchu pachifuwa, mavu akuchizungulira kumaso, icho osacheuka. Koma n'chowonda, chikopa chikulendewera ngati jekete lobwereka, ndipo kumbuyo kwake kuli kamwana kamodzi kosaposa galu wa a Cleveland.

Nditafotokoza pachakudya, Egbert anati, "Wovala zakuda, wosayang'ana kumbali pakudya? Amenewo ndi Mayi Busa, aise. Ukawafunse ngati chopereka chakwana." Anthu anaseka mpaka mpunga kutuluka m'mphuno, ndipo dzinalo lakhazikika.

A Orrin, ndi pakamwa pawo popotoka paja, anandiuza kuti mwezi uno ndi wamawa chimbalangondo chimadya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, chifukwa chikalowa kuphanga sichilawanso kanthu mpaka chisanu chithe. Chikalowa chowonda sichituluka, kapena chimatuluka chokha, mwana atatsala mkati. Ndinati, bwana, ndiye n'chimodzimodzi ife. Anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope.

Muuzeni Verona kuti nsapato zoyera zija ndaziona m'sitolo, ndikudikira zitsike mtengo.

Ndine wanu,
Hopeton


29 Seputembala

Amayi ake Verona,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Ndanyadira kumva kuti Verona wakhoza mayeso a chaka choyamba. Ndinawerengera anzanga ndime imeneyo kawiri, mpaka Egbert anati ndikabwereza kachitatu andithira supu. Ine ndili bwino, kupatula kuti mbali yakumanja sindigonera.

Pali kanthu ndachita, ndipo musakauze munthu kutchalitchi. Mukukumbuka mbuzi za a Cleveland zija zinkatimalizira masamba a zilazi? Tinkaziponyera makoko a nthochi kumalire, zikadya nkubwerera kwawo, munda wathu osaukhudza. Ndiye ndinaganiza ndekha: nkhumba za a Leduc zanenepa mpaka zikulephera kuima, pomwe mayi wa mwana akuthyola mitengo ndi njala. Tsopano ndikamapita kwa a Leduc ndimayamba ndakhotera kumpanda wa miyala, nkukhuthula madengu awiri atatu kuseri kwake. Ndikatero ndimazimitsa injini, nkukhala chapatali ndi buledi wanga.

Mukanaona mmene amadyera Mayi Busa! Amalowetsa mutu mu mulu wa zowolazo, kungotsala makutu. Kamwana kakayandikira amakalusira, kenako amasuntha pang'ono kuti kalowe pansi pa khosi lawo. Akatopa amagona pomwepo, dzanja lili pa mulu, ngati mayi wogulitsa pamsika wa ku May Pen amene akuopa kuberedwa. Akadzidzimuka amayambiranso pomwe anasiyira. Sindinaonepo njala yotere, yosatha ngakhale mimba itadzaza. Ubweya wayamba kunyezimira, ndipo akamayenda msana ukugwedezeka. Ndikawayang'ana mtima wanga umakhala pansi, sindikubisirani. Chifikire kuno chaka chino, ichi chokha ndiye chinthu chomwe manja angawa achikonza osachiononga.

Dzulo mayi Gail anati, "Mitengo ya kumtunda yapuma. Kaya chalowera kuti chinthu chija." Ndinangoti kaya, mayi. Mumtima ndinali kuvina, ndinaona ngati bokosi langa layamba kale kukwera masitepe.

Akudziwa ndi Egbert yekha, poti munthu uja chinsinsi amachimva fungo. Poyamba anaseka.

"Iwe Hopeton, ukalamba wonsewu watenga mkazi wachiwiri, waubweya? Ndikawauza akazi ako a Icilda, uona."

"Kawauze, ndiwo anandiphunzitsa nzeru ya makoko a nthochi."

Apo anasiya kuseka. "Ija si mbuzi, achimwene. Mbuzi ili ndi khola, imabwerera. Chija chilibe koti chibwerere. Chikhala pomwe ukuchidyetsapo."

Ndinamuuza kuti asamale za makwerero ake. Munthu wosanzira m'chipewa sangandiphunzitse kuweta.

Thumba la feteleza ligulidwe limodzi lokha, lachiwiri ndidzaona ndikabwera.

Ndine wanu,
Hopeton


10 Okutobala

Amayi ake Verona,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo. Chisanu chayamba, m'mawa udzu umakhala mbuu, ndipo zala zimakana kupinda mpaka dzuwa likwere. Mwafunsa ngati ndapita kwa dokotala ndi phewa. Ndipita tikamaliza. Munthu amene waoneka pakhomo la dokotala mwezi uno, bwana amamukumbukira tsiku la mabokosi.

Zija ndinakuuzani zandikulira. Mayi Busa aphunzira kulira kwa thirakitala. Kale ankadikira ndichoke, tsopano ndikangoliza injini kushedi, pofika kumtunda ndimawapeza atakhala pampanda, kamwana kali pambali, ngati anthu odikira basi. Sabata yatha sanadikirenso kuti ndikhuthule. Anabwera, naika manja awiri pangolo, nayamba kudya m'dengu ine ndili pampando. Mpweya wawo ndinaumva pakhosi, ukununkha zowola.

Ndinayesa kusiya. Masiku awiri sindinakhotere kumpanda. Tsiku lachitatu ananditsatira pakati pa mizere, mpaka kufupi ndi pomwe anthu akuthyola. Ndinatsika, ndinakuwa, ndinatola mwala nkuwagenda. Mwalawo unagwa patsogolo pawo. Anaununkhiza, anautembenuza ndi dzanja, poganiza kuti ndawaponyera chipatso. Icy, ndinafuna kulira.

Chikundisowetsa mtendere n'chakuti ino ndi nyengo ija masamba amafiira, ndipo Loweruka lililonse anthu a m'tauni amabwera ndi ana awo kudzathyola okha maapozi. Timayala udzu pangolo, iwo nkukwera, kuzungulira munda. Woyendetsa thirakitala chaka chino ndi ine. Loweruka lapitali ndinalawirira kukakhuthula madengu ambiri kumpanda kuti Mayi Busa atanganidwe, ndipo zinayenda. Ndiye onani pomwe ndafika: kuti asabwere, ndiyenera kuwapatsa zochuluka, ndipo ndikawapatsa zochuluka ndiye akundizolowera kwambiri.

Egbert anandikokera kuseri kwa nyumba yogona.

"Kawauze mayi Gail lero lomwe."

"Ndikawauze kuti chiyani? Kuti wopanda phewa uja waswanso lamulo la bambo awo?"

"Nanga uti uchite bwanji, mkulu?"

"Chisanu chikubwera. Alowa kuphanga, nkhani ithera pomwepo."

"Ukudziwa tsiku lake iwe? Anakutumizira uthenga?"

Ndikuopa, amayi ake Verona. Ndikayankhula, bokosi langa latsika. Ndikakhala chete, kaya. Kwatsala Loweruka awiri okha, mundipempherere.

Nsapato za Verona ndagula. Ndaziika pansi pa pilo.

Hopeton


17 Okutobala

Icy,

Ndili moyo, sindinavulale. Ndalemba msanga kuti mumve kwa ine, musamve kwa mkazi wa Egbert.

Lachisanu a Leduc anabwera okha ndi galimoto yawo, akudandaula kuti nkhumba zawo zikulandira zochepa, natenga zowola zonse. Loweruka m'mawa ndinalibe chokhuthula kumpanda. Ndinaima pamaso pa mayi Gail kuti ndiwauze, koma mawu osatuluka, iwo nkuti, "Fulumirani a Hopeton, anthu akwera kale."

Tikufika kumizere ya kumtunda, Mayi Busa anatuluka pampanda. Sanathamange, sanaluse. Anayenda mwa nthawi zonse, naika manja awo awiri pangolo, nalowetsa mphuno mu udzu pakati pa miyendo ya anthu kufuna dengu. Kukuwa kwake sindidzaiwala. Anthu analumpha mbali zonse. Kamtsikana kena kovala chipewa chofiira kanagwa choipa nkuthyoka mkono, fupa kuonekera. Mayi Busa anaima pomwepo akutiyang'ana, osamvetsa kuti talakwitsa chiyani, kenako anabwerera kuthengo.

Mwanayo ali kuchipatala, akuti mkono aupulumutsa. Munda autseka kwa alendo. Palibe amene wandifunsa kanthu mpaka pano. Chakudya sichikulowa.

Hopeton


22 Okutobala

Amayi ake Verona,

Ndikhulupirira muli bwino. Za ine musafunse.

Lachiwiri kunabwera mkulu woyang'anira nyama zakuthengo, munthu wamtali wa ndevu zotuwa, ndi mfuti m'galimoto. Anayenda m'mbali mwa mpanda, ndipo sanachedwe kupeza pomwe ndinkakhuthulira. Udzu unaphwanyika malo aakulu ngati bwalo, ndowe za maapozi okhaokha zili mbwee. Anatisonkhanitsa tonse pashedi.

"Chimbalangondo sichikwera ngolo pachokha," anatero. "Wina wachiphunzitsa. Ndani?"

Egbert anatsokomola nati, "Bwana, tonsefe timataya zinyenyeswa kumeneko, aliyense."

"Zinyenyeswa zobwera pa matayala a thirakitala?"

Mayi Gail sanayang'ane wina aliyense koma ine. Ndinavula chipewa nkunena kuti ndine. Ndinafuna kufotokoza za mitengo, za kamwana, za mbuzi za a Cleveland, koma nditayamba ndinadzimva ndekha kupusa kwake, ndinasiya.

Mkuluyo sanandikalipire, bola akanatero. Anangoti chimbalangondo chozolowera anthu sichisiya, ndipo ukachisamutsa chimakafuna ngolo ina. Anati akhoza kuchisaka ndi agalu masiku angapo, koma palibe chifukwa chovutikira. Kenako anandiyang'ana.

"Akulu, kalizeni thirakitala yanu."

Ndinapempha kuti ayendetse wina. Anati chimadziwa ine. Ndiye ndinakwera, Icy, dzuwa lili pamutu, ngolo yopanda kanthu, iye akuyenda pambali mfuti ili m'manja. Njira yonse ndinkapemphera kuti akhale atalowa kuphanga. Tikufika, Mayi Busa anatulukira pampanda paja, onenepa, onyezimira, akubwera mosakayika ngati munthu wobwera kwa mbale wake. Anandiyang'ana ine, osati mfuti. Inalira kawiri.

Kamwana kanakwera mtengo wautali nkumalira ngati khanda. Mkuluyo anati abwera ndi msampha kuti akatenge, koma pobwera mawa lake kanali katapita.

Mtembo tinaukweza pangolo yomweyo. Pousenda kuseri kwa shedi, mkuluyo analowetsa zala zitatu m'mafuta a pamsana nati, "Taonani. Kunatsala pang'ono, chikanakagona." Mafuta amenewo ndinawaika ndine.

Makiyi a thirakitala mayi Gail apatsa Egbert, ine ndikusesa m'shedi ndi dzanja lamanzere. Akuti makolo a mwana uja atenga loya. Ndinafuna kupita kuchipatala kukapepesa, mayi Gail anati ndisayerekeze. A Orrin ndikadutsa pakhonde amayang'ana kumbali.

Verona musamuuze kaye.

Hopeton


3 Novembala

Okondedwa amayi ake Verona,

Kalata yanu ndailandira, ndipo mawu anu ndawasunga. Mwati Mulungu amaona mtima. Amaonadi, koma mkono wa mwana uja amauonanso. Thupi lili bwino, phewa lili momwemo.

Kuthyola kwatha. Mitengo yatsala mbulanda, ndipo chipale chofewa choyamba chinagwa Lamlungu. Dzulo linali tsiku la mabokosi. Monga mwa chaka chilichonse tinawatulutsa m'nyumba yogona nkuwasanja pangolo, Egbert akuyendetsa, ife tikuyenda pambuyo kupita kushedi. Anthu amaimba paulendo umenewu, koma dzulo palibe anayambitsa nyimbo.

Tikudutsa kumunsi kwa mizere ya kumtunda, Egbert anaimitsa thirakitala mwadzidzidzi nkuloza ndi chibwano. Kamwana kaja kanali kataima pampanda. Kanamva injini. N'kowonda, mutu waukulu kuposa thupi, ubweya utanyowa ndi chipale. Kanatsika, kanabwera pang'ono, kakununkhiza mphepo. Pangolo panali mabokosi okhaokha.

"Tiye, Egbert," ndinatero.

"Ndilibe ngakhale buledi m'thumba, aise."

"Ngakhale ukanakhala naye. Tiye."

Kanatitsatira mpaka pomwe mizere imathera, kenako kanakhala pansi pa chipale nkumatiyang'ana. Mayi Gail aimbira mkulu wa nyama uja, akuti abwera ndi msampha sabata yamawa. Kaya akakapeza.

Kushedi mayi Gail anatsegula chipinda cha pamwamba, anthu anayamba kukweza. La Egbert linakwera. Ine ndinadikira onse amalize, poti ndi dzanja limodzi sindikanatha ndekha. Egbert atatsika anagwira chogwirira chimodzi, ine china. Tinaponda sitepe yoyamba.

"A Hopeton," anatero mayi Gail.

Tinaima. Maso awo anali ofiira. Anati, "Munandinyamulapo paphewa lomwelo kuti ndithyole chipatso changa choyamba. Sindinaiwale. Phewa lokha ndikanapirira nalo, ndikanakupezerani ntchito ya pansi mpaka mwana wanu amalize sukulu, ndinali nditaganiza kale. Mukanangondiuza Loweruka lija m'mawa."

"Ndinaopa bokosili, mayi."

"Ndikudziwa." Anapukuta mphuno ndi golovesi. "Mupite nalo."

Egbert anayamba kuyankhula, ndinamugwira mkono. Tinalitsitsa sitepe imodzi ija nkulibwezera pangolo.

Tinyamuka Lachinayi, kwathu ku Frankfield ndifika Loweruka masana ndi basi ya ku May Pen. Mbuzi musagulitse ngakhale imodzi mpaka tikhale pansi tikambirane. Munda wa kumtunda uja tinausiya, ufunika kuswa mphanje mvula isanathe, ndiye mufunse a Cleveland ngati angatibwereke mpeni wawo waukulu. Verona ndidzamuuza ndekha, musandiyambire. Nsapato zake ndaziika pamwamba penipeni kuti zisaphwanyike, pa chikhoti ndi nsapato za m'chisanu, zomwe sindikudziwa kuti tidzazitani kwathu kotenthako.

Musabwere nokha kudzandichingamira monga mwa masiku onse. Mubwere ndi munthu wamphamvu ndi bulu. Chaka chino ndikubwera ndi bokosi, ndipo ndi lolemera.

Ndine mwamuna wanu,
Hopeton